PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KUBANIKA M'TULO, MAKINA OTHANDIZA KUPUMA NDI KUCHEPETSA THUPI MOSAPUPULUMA

Kuwerenga Mawu: Genesis 2:7, Masalimo 127:1-2, 1 Mafumu 19:3-8, 1 Akorinto 6:19-20

Mawu oyamba

 Phunziro la mwezi uno likukhudza chinthu chimene ambirife timangochiseka, ndicho mkonono. Tikapita ku msonkhano wa dayosizi n'kugona pamodzi m'kalasi, m'mawa nkhani yoyamba imakhala ya amene watisowetsa tulo. Timaseka, mwini wakenso amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino usiku m'mawodi timadziwa kuti ulipo mkonono wina wosaseketsa. Munthu amaliza mkonono mwamphamvu, kenaka kuli zii. Ukayang'ana pa wotchi, masekondi 20 kapena 30 amatha asanapume. Kenaka amadzidzimuka, n'kukoka mpweya ngati watsamwa, mkonono n'kuyambiranso. Ukamufunsa m'mawa, sakumbukira kanthu.

M'nthambi ina tili ndi mayi amene kwa zaka zambiri ankasinza pa Misa ndi pa misonkhano yathu. Ena ankati ndi ulesi, ena ankati alibe chidwi ndi Mawu a Mulungu. Atapita kukacheza kwa mwana wawo ku South Africa anayezedwa, napezeka ndi matenda obanika m'tulo. Anabwerako ndi makina othandiza kupuma usiku, komanso malangizo akuti achepetse thupi. Patangotha milungu itatu makinawo anabwezeredwa m'katoni, pansi pa bedi, chifukwa mphuno inkauma ndipo masiki inawachititsa chilonda. Za thupi anayamba n'kudzimana chakudya tsiku lonse. Nkhope itayamba kugwa, anthu anayamba kunong'ona, iwo n'kusiya. Mayiwa si ofooka. Anangosowa wowauza kuti zovuta zimenezi zili ndi njira yake, ndiponso anasowa anzawo owagwira dzanja. N'chifukwa chake takonza phunziroli.

Kodi matendawa ndi otani?

Pa Chingerezi amatchedwa sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafooka. Kwa ena njira ya mpweya imachepa, ndipo mpweya podutsa movutikira umatulutsa mkonono. Kwa enanso njirayo imatsekeka ndithu. Mpweya wabwino umachepa m'magazi, ubongo umamudzutsa munthuyo pang'ono kuti apume, kenaka amagonanso osadziwa kuti anadzuka.

Achipatala amawerengera kubanika kulikonse kotenga masekondi 10 kapena kupitirira. Zikamachitika ka 5 mpaka 14 pa ola limodzi, matendawo ndi ochepa. Ka 15 mpaka 29, ndi apakati. Ka 30 kapena kupitirira pa ola, ndi aakulu. Tangoganizani, amayi, munthu wodzutsidwa ka 30 pa ola lililonse usiku wonse. Angalekerenji kusinza mu tchalitchi?

Zizindikiro zake ndi izi:

1. Mkonono waukulu wa tsiku ndi tsiku, wodukizadukiza.
2. Kudzidzimuka usiku ngati watsamwa.
3. Kudzuka ndi mutu, ndiponso kukamwa kouma.
4. Kukodza kawirikawiri usiku.
5. Kusinza masana, kuiwalaiwala, ndi kupsa mtima msanga.
6. BP yosatsika ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika.

Matendawa amagwira kwambiri abambo, koma ife amayi tikasiya kusamba chiopsezo chimakwera. Mwa amayi nthawi zina mkonono sukhala waukulu, koma amadandaula za kusowa tulo, kutopa ndi kukhumudwa. Kunenepa, makamaka m'khosi ndi pamimba, ndiko kumathandizira kwambiri. Komabe alipo anthu ochepa thupi amene amadwala chifukwa cha kapangidwe ka chibwano kapena zotupa za kukhosi. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse nayenso apite naye kuchipatala.

Matendawa akalekereredwa amakweza BP, amalemetsa mtima, ndipo amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi shuga. Kwa abambo athu ndi ana athu oyendetsa galimoto, kusinza pa chiwongolero ndi imfa ya anthu ambiri nthawi imodzi. Wogona sadzimva yekha. Choncho amene amagona naye m'nyumba ndiye mboni. Pitani limodzi kuchipatala mukafotokoze zimene mumaona usiku. Kuyeza kwenikweni kumachitika munthu atagona, atamangidwa tizipangizo towerengera kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi. Sikuchitika pa chipatala chilichonse, koma yambirani pafupi. Pa zipatala za boma kapena zathu za mpingo, monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma, mukhoza kuyezetsa BP ndi kulemera kwanu, n'kufunsa kumene angakutumizeni.

Makina a CPAP ndi zovuta zake

Chithandizo chodalirika cha matenda apakati ndi aakulu ndi makina otchedwa CPAP. Anayambitsidwa ndi dokotala wina wa ku Sydney m'dziko la Australia, dzina lake Colin Sullivan, amene analengeza za ntchitoyi m'chaka cha 1981. Makinawa sapereka mankhwala. Amangotenga mpweya wa m'chipinda n'kuukankha pang'onopang'ono kudzera m'paipi ndi masiki, kuti njira ya kukhosi isatsekeke. Amathandiza pa usiku umene wavalidwa wokha. Ukasiya, kubanika kumabwerera.

Walira mvula walira matope. Makinawa ali ndi matope ake, makamaka m'milungu yoyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Tiyeni tione vuto lililonse ndi njira yake.

Kuuma m'mphuno ndi kukamwa. Makina ambiri ali ndi kathanki ka madzi konyowetsa mpweya. Gwiritsani ntchito kathankiko, ndipo sinthani madzi tsiku lililonse. Madzi oyenera ndi aja otchedwa distilled water, opezeka ku famase. Akasowa, owiritsa n'kuziziritsa akhoza kuthandiza kwa masiku ochepa, koma madzi a pamjigo amasiya zoyera ngati laimu, choncho kathankiko kazitsukidwa bwino. Ngati kukamwa kumauma kwambiri, mwina mumagona kukamwa kuli yasa ndipo mpweya ukuthawira pamenepo. Uzani achipatala. Alipo malamba ogwira chibwano, ndiponso masiki yophimba mphuno ndi pakamwa pomwe.

Kutsekeka kwa mphuno. Madzi amchere othira m'mphuno, ogula ku famase, amathandiza musanagone. Musazolowere mankhwala opopera otsegula mphuno kupitirira masiku ochepa, chifukwa mukawasiya mphuno imatsekeka kuposa kale.

Zilonda ndi mizere pankhope. Ambiri akamva mpweya ukutuluka m'mbali amakoka malamba mwamphamvu. Kumeneko ndiko kulakwa. Masiki yothina imapweteka pamwamba pa mphuno ndipo mpweya umathawabe. Valani mutagona monga mugonera, makina akuyenda, n'kumanga mongokwanira. Sambani kumaso musanavale, ndipo musadzole mafuta onga Vaseline pamene pakhudza masiki, chifukwa amawononga mphira wake ndi kuutereretsa. Chilonda chikatuluka musapirire mwakachetechete. Mwina saizi si yanu.

Maso ofiira m'mawa. Ichi ndi chizindikiro chakuti mpweya ukuthawira kumtunda n'kuwomba m'maso. Konzani kakhalidwe ka masiki.

Kutupa mimba ndi kugeya. Ena amameza mpweya. Yesani kukweza mutu pang'ono ndi pilo, kapena kugonera m'mbali, ndipo musadye kwambiri nthawi yogona itayandikira. Zikapitirira, mphamvu ya mpweya ikufunika kuonedwanso ndi dokotala. Musasinthe nokha manambala a makina.

Mantha ndi kumva ngati ukubanikitsidwa. Zimenezi zimachitikira anthu ambiri, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Yambani kuvala masiki masana mutakhala pampando, mukumvera wailesi kapena kusoka, kwa mphindi 15 kapena 20. Kenaka yatsani makina muli maso. Makina ambiri ali ndi batani loyambitsa mpweya mofatsa n'kumakwera mukamagona. Achipatala amawerengera maola 4 pa usiku ngati poyambira, koma cholinga ndi usiku wonse, ngakhalenso pogona masana.

Ukhondo. Pukutani kapena kutsuka masiki tsiku lililonse ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira kwambiri. Paipi ndi malamba zitsukidwe kamodzi pa mlungu, n'kuyanikidwa pamthunzi. Kumbuyo kwa makina kuli kasefa kogwira fumbi. M'miyezi ya fumbi ya September ndi October kaziyang'anidwa kawirikawiri. Musaike makina pansi, ndiponso musayatse mbaula kapena koyilo ya udzudzu pafupi nawo, chifukwa utsi wonsewo audzetsa m'mapapo mwanu. Musasiye kugona m'neti. Paipi ikhoza kudutsa pansi pa neti, n'kufinyira bwino m'mbali.

Kuthima kwa magetsi. Ambiri amaopa kuti magetsi akathima adzafera m'masiki. Masiki ili ndi timabowo totulutsira mpweya, ndipo munthu amadzuka n'kuivula. Timabowoto musatitseke ndi pulasitala kapena nsalu. Amene ali ndi batire kapena sola adziwe kuti chotenthetsa madzi chimadya moto wambiri, choncho kuchizimitsa kumatalikitsa batire. Usiku wopanda makina gonerani m'mbali, osati chagada.

Mawu amodzi kwa amene makina amachita kutumiziridwa ndi ana a kunja. Makina a munthu wina anakonzedwa molingana ndi khosi la mwini wake, choncho aonedwe kaye ndi achipatala, ndipo masiki ndi paipi zikhale zatsopano. Dziwaninso kuti mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri opangidwa chaka chimenecho chisanafike ndi kumayambiriro kwake, chifukwa siponji ya m'kati inkafumbutuka. Wolandira makina akale afunse ngati sali m'gulu limenelo.

Mowa, fodya ndi mapiritsi ogonetsa zimakulitsa matendawa. Ndipo amene akupita ku opaleshoni auze madokotala kuti amabanika m'tulo.

Kuchepetsa thupi mosapupuluma

Makina amatsegula khosi koma sachotsa mafuta. Ena amanenepa pang'ono atayamba kuwagwiritsa ntchito. Koma munthu wogona bwino amakhala ndi mphamvu zoyendera, ndipo njala yolakalaka zotsekemera imachepa, pakuti kusowa tulo kumawonjezera njala. Motero ziwirizi zimayendera limodzi.

Kafukufuku wina wa ku Wisconsin m'dziko la America, wofalitsidwa m'chaka cha 2000, anapeza kuti munthu akataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kumachepa ndi pafupifupi 26 pa 100 iliyonse. Akawonjezera gawo lomwelo, kubanika kumakwera ndi pafupifupi 32 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti mayi wolemera makilogalamu 90 sakufunika kubwerera ku thupi la pa chinkhoswe chake. Akataya makilogalamu 9 wachita zazikulu. Pa theka la kilogalamu mlungu uliwonse, imeneyi ndi ntchito ya milungu 18, ndipo ikatenga miyezi 6 palibe cholakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhaniyi si ya kunja kokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwererapo. Kuti mudziwe pamene muli, tengani tepi ya telala. Yezani mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Kwa mayi, kupitirira masentimita 80 ndi chenjezo, ndipo kupitirira 88 ndi chiopsezo chachikulu. Khosi lopitirira masentimita 40 nalonso ndi chizindikiro chimene achipatala amachiyang'ana.

Nanga tichite chiyani m'makhitchini mwathu?

1. Tisasiye nsima, koma tichepetse. Amene amadya mitanda itatu ayambe ndi iwiri. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera.
2. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, chigwada. Pambali pakhale nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba kapena dzira. Tikumbukire magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsidwa ku sikelo.
3. Mafuta ophikira tiziyeza ndi sipuni, osati kutsanulira kuchokera m'botolo. Kutendera n'kwabwino, koma nsinjiro nazonso zili ndi mafuta. Tisaphatikize ziwirizi mu mphika umodzi.
4. Tiyang'ane shuga wa mu tiyi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire timasipuni 12 ta shuga pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 likhoza kukhala ndi timasipuni pafupifupi 8. Amene amathira 4 m'kapu atsike pa 3 mlungu uno, pa 2 mwezi wa mawa. Lilime limazolowera.
5. Mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi zikhale za apo ndi apo. M'malo mwake mbatata yophika, chimanga chootcha, papaya, gwafa kapena nthochi.
6. Mchere usapitirire kasipuni kamodzi pa tsiku, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Zimenezi zimathandiza BP.
7. Tisadumphe chakudya cha m'mawa ndi masana n'kudzalipsira usiku. Chakudya cha madzulo chikhale chopepuka, ndipo tidye kukadali maola awiri kapena atatu tisanagone.

Pa za kuyenda, WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndiko kuti mphindi 30 masiku 5. Kuyenda mwandawala mpaka thukuta litayamba koma ukutha kulankhula, kulima, kusesa pabwalo, kuvina m'kwaya, zonsezi n'zowerengedwa. Wa mawondo opweteka ayambe ndi mphindi 10. Tikamapita kukaona odwala kapena ofedwa m'dera lathu lomwe, tiyende pansi awiriawiri m'malo mokwera kabaza.

Tichenjere ndi tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ogulitsidwa m'misika ndi pa foni. Ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo impso zimavutika. Alipo mankhwala enieni a jakisoni. Mu December 2024 boma la America linavomereza amodzi otchedwa tirzepatide kwa anthu onenepa obanika m'tulo. Koma ndi okwera mtengo, amafuna dokotala wowayang'anira, ndipo ambiri akawasiya thupi limabwerera. Amene ali pa mankhwala a shuga asadzimane chakudya, ngakhale m'nyengo ya Lenti, asanafunse kuchipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Ndipo thupi likachepa musaike makina m'katoni mwa inu nokha. Kayezetseninso, achipatala ndiwo anene.

Lilime lathu

Tsopano tifike pa nkhani yovuta. Kwathu kuno mayi wonenepa timati akusamalidwa bwino, banja lamuyanja. Akayamba kuchepa timayang'anizana. Ife amene tinaona zaka zimene Edzi inkatenga anthu mankhwala asanabwere tikudziwa kumene mantha amenewa anachokera. Koma lero manong'onong'o athu akulepheretsa amayi kuchita zimene dokotala wawauza. Akupwetekanso alongo athu amene ali pa ma ARV, amene ndi anzathu pa gome la Ambuye ndipo sayenera kuchitidwa manyazi.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuchepa thupi kumene munthu wakukonza, kukuyenda pang'onopang'ono, iye ali ndi mphamvu, n'kwabwino. Kuonda kobwera kokha, makamaka ndi chifuwa, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena chotupa, kumafuna kuchipatala msanga kukayezetsa TB, HIV, shuga kapena khansa. Pa zonse ziwirizi ntchito yathu ndi kuperekeza, osati kunong'ona.

Tionenso zimene timaika pa tebulo pa misonkhano yathu, pa zikondwerero ndi polandira alendo. Mlendo akakana botolo lachiwiri kapena mtanda wina, tisamukakamize ngati kuti watinyoza. Payikidwenso madzi akumwa ndi zipatso.

Zimene Mawu akutiphunzitsa

Buku la Genesis likutikumbutsa kuti mpweya ndiyo mphatso yoyamba imene munthu analandira kwa Mlengi. Salimo 127 likutiphunzitsa kuti tulo natonso ndi mphatso, osati ulesi. Ife amayi timadzuka koyambirira n'kugona komalizira, ndipo timaganiza kuti kutopa ndi gawo la umayi. Taonani mneneri Eliya. Atatopa mpaka kulakalaka imfa, anagona pansi pa mtengo m'chipululu. Mulungu sanamudzudzule. Anatuma mngelo kawiri konse ndi mkate ndi madzi, namulola kugona, ndipo pambuyo pake ndi pamene ulendo unapitirira. Paulo naye akuuza Akorinto kuti thupi si lathu, ndi nyumba ya Mzimu Woyera. Tchalitchi chathu timachisesa ndi kuchikolopa mlungu uliwonse, osati kamodzi pa chaka. Thupi nalonso limasamalidwa motero, pang'ono tsiku lililonse.

Mayi tinawatchula poyamba aja anatulutsanso makina awo. Mwana wawo anatumiza masiki ya saizi ina, ndipo amayi awiri a m'nthambi yawo amawatenga m'mawa katatu pa mlungu kukayenda. Masiku ena amavula masiki pakati pa usiku, ndipo sikelo imatha mwezi osasuntha. Koma ulaliki akuumva mpaka kumapeto. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'nyumba mwathu alipo amene amaliza mkonono n'kumadukiza kupuma? Tingamuuze bwanji mwaulemu, makamaka ngati ndi bambo a m'nyumba kapena apongozi?
2. Ndi mawu ati amene timalankhula mayi akachepa thupi? Nanga akanenepa? Tisinthe ati?
3. Pa msonkhano wathu wotsatira, tingasinthe chiyani pa zakudya ndi zakumwa?
4. Ndani m'nthambi yathu amene akufunika womuperekeza kuchipatala kapena woyenda naye?

Ntchito ya mwezi uno

Nthambi iliyonse ipeze tepi ya telala, ndipo ipemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzayeze BP pa msonkhano umodzi. Kuyeza kuchitikire poduka mphepo, ndipo zotsatira zikhale za mwini wake yekha. Mayi aliyense asankhe chinthu chimodzi chokha choti asinthe mwezi uno, n'kuuza mnzake mmodzi woti azimukumbutsa.

Pemphero

Mulungu Atate, mwini mpweya ndi mwini tulo, tikuyamikani chifukwa cha matupi amene munatipatsa. Khalani ndi onse amene usiku umawatalikira, ndi onse amene atopa ndi chithandizo chawo. Apatseni mtima wopirira. Dalitsani madokotala ndi anamwino athu. Sungani malilime athu kuti asagwetse mlongo amene akuyesetsa, ndipo tiphunzitseni kuyenda naye. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.